Everlyn Wathawanso M'gitala

Onesmus Shawa anatsikira kuchigwa cha Luangwa ali mwana wa giredi 3, atakhala pamwamba pa matumba a mchere m'lole imene atate ake anachita hayala. Banjali linkachokera kumtunda, kufupi ndi Chipata, kudzatsegula kagolosale ku Mfuwe. Ng'ombe zawo zinatsala kumtundako, pakuti kuchigwa kuno kashembe salola ng'ombe kukalamba. Chimene chinatsika nawo chinali wailesi yomangidwa ndi mphira, ndipo wailesiyo ndiyo inasokoneza mutu wa mwanayu.

Lamlungu lililonse masana, anthu akaweruka kutchalitchi, wailesi inkayimba nyimbo za azungu zotchedwa kantiri. Chingerezi chake Onesmus sankachimva, koma ankamva kuti uyu ndi bambo wamkulu, wandevu zake, amene akulira poyera ndi gitala popanda womuseka. Zinamukomera. Anakhoma banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, n'kumalirira nkhuku kuseri kwa golosale. Atakula, makolo ake anabwerera kumtunda, iye n'kupeza ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina yogona alendo ku Chinzombo. Anagula gitala yeniyeni, chipewa chachikulu cha pasalaula, pomwe amagulitsa zovala zakale, ndi jombo zosongoka zimene zinkamuluma zala mpaka ankayenda ngati waponda minga. Dzina linabwera lokha: Kauboyi. Ng'ombe analibe, hatchi anali asanaionepo ndi maso, ndipo mbuzi ikamuyang'ana kwambiri ankasintha njira. Koma dzina silifunsa zimenezo.

Anakwatira Everlyn, mwana wa alimi a mpunga, mkazi wosachuluka mawu, wosajomba kukwaya ya amayi. Ulendo wake wautali koposa unali wopita ku Mambwe kukaona mkulu wake Peggy. Mwana wawo woyamba anamutcha Tina, ndipo panyumbapo panali mtendere woti woyimba kantiri ukanamuchititsa manyazi.

Vuto linali pomwepo. Atayamba kumva Chingerezi cha m'makaseti ake, Onesmus anazindikira lamulo la nyimbozi: munthu ayenera kutaya kanthu. Kaya mkazi, kaya galu, kaya ntchito, bola ataye. Iye anali asanatayepo chilichonse kupatula sokosi ya mlendo wina imene anyani anaba pachingwe. Ndiye anangopeka. Loweruka lina anaima pansi pa mtengo wa bwemba pamsika, anatsitsa chipewa mpaka m'maso, n'kuyimba m'Chinyanja nyimbo yake yoyamba:

Mkazi wanga wakwera sitima,
wandisiyira mbale ndi mtima.

Apa pofunika kufotokoza pang'ono. Kuchigwa kuno nyimbo si malo a bodza. Mayi akamasinja mpunga n'kumayimba kuti mwamuna wagulira wina chitenje, ndiye kuti chitenjecho chagulidwadi, ndipo anansi amadziwa ngakhale mtundu wake. Zimene pakamwa pachita nazo manyazi, munsi ndi mtondo zimanena. Tsono mwamuna wamkulu kuima pamsika, misozi ili mbwe, n'kunena kuti mkazi wamuthawa, ndani akanakayika?

M'mawa mwake a Langford, malume ake a Onesmus amenenso anali nkhoswe ya banjali, anapalasa njinga kuchokera kwawo ku Nkwali ali thukuta kamukamu. Anapeza Everlyn akupeta mpunga pakhonde.

"Mwabwera liti, amake Tina?" anafunsa a Langford asanatsamiritse n'komwe njinga.

"Kuchokera kuti, amalume?"

"Musandizungulitse ine. Msika wonse ukudziwa. Sitimayo munaikwerera pati?"

"Sitima? Kuno ku Mfuwe?"

"N'zimene zandidabwitsa nanenso. Koma mwana wa mlongo wanga sangalire chonchija pachabe."

Onesmus anatuluka m'nyumba akumanga lamba. "Amalume, ndi kantiri imeneija. Amayimba choncho."

"Ndiye anathawayo ndi mkazi wa ndani?"

"Si wa munthu aliyense."

A Langford anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kujombo. "Mkazi wopanda mwini wakwera sitima yopanda njanji, iwe n'kumalira. Mphwanga, dzuwa la kuno limafuna kumwa madzi ambiri."

Nkhani inathera pomwepo kwa a Langford, koma kuchitsime sinathe. Amayi ankalonjera Everlyn ndi mawu otsika, ena kumugwira paphewa n'kunena kuti anachita bwino kubwerera chifukwa cha mwana. Everlyn ankangosenza ndowa yake n'kumapita.

Poona kuti za mkazi zabweretsa nkhoswe, Onesmus anasintha. Anapeka nyimbo ya munthu amene botolo ndilo m'bale wake. Iye mowa anali asanaulawepo, chakumwa chake chinali tiyi wa shuga wambiri, koma akuluampingo anamuimitsa kaye kukwaya, ndipo zidakwa za pamsika zinayamba kumupatsa moni wa ulemu, zikumutcha tcheyamani. Anasinthanso, n'kuyimba za mkaidi amene akuyang'ana mwezi pazenera la ndende. Anyamata anayamba kumupatukira panjira mwamantha, ndipo anthu anakumbukira kuti munthuyu kale ankasonkhanitsa mawaya a njinga. Kuno waya ndi msampha wa nyama. Masikauti awiri oteteza nyama anafika pakhomo, anagwedeza gitala, anasuzumira m'kati mwake, ndipo anachoka atamwa tiyi ndi kupempha kuti awayimbirenso ya sitima ija.

M'zaka zochepa chabe, munthu amene ankangosita malaya a alendo anakhala wothawidwa, chidakwa ndi chigawenga, zonsezo osaphonya ntchito ngakhale tsiku la Khrisimasi.

Chimene chinatsegula anthu maso chinali nyimbo ya manda a amayi. Imeneyi inali yokoma kwambiri, moti inalowa pa wailesi, mphepo n'kuikweza phiri mpaka kumtunda. Lachitatu lina kunamveka kulira kumsewu. Lole inaima pakhomo pa Onesmus itadzaza abale a ku Chipata, amayi atamanga zitenje m'chiuno akubuma maliro. Womaliza kutsika, atakumbatira nkhuku, anali amayi ake a Onesmus enieniwo.

"Ndamva kuti amako amwalira," anatero mayiwo. "Ndati ndidzaone ndekha kuti unali ndi amako angati."

Abalewo anati iwo sanafunse zambiri. Wailesi inanena, ndipo mwina panali mayi wina amene malemu bambo sanamutchule. Anakhala sabata yathunthu, n'kumaliza mpunga wonse wa Everlyn.

Kuchokera pamenepo anthu anaphunzira. Oyamba kumvetsa anali ana a sukulu, monga zimakhalira nthawi zambiri. Iwo amadziwa kale kuti munthu angathe kukhala mkango pa buleki n'kubwerera m'kalasi ali mwana wabwinobwino, ndipo ndi iwo ankauza makolo awo kuti, "Za a Kauboyi ndi za m'gitala chabe." Mawuwo anafala. Mpingo unamubwezera kukwaya, masikauti anasanduka anzake, ndipo Onesmus anakhala munthu wokondedwa, wabodza wokoma amene palibe phwando linkatha popanda iye. Mafoni atabwera, anyamata ankamujambula, nyimbo zake n'kumayenda mpaka kumene iye sanapondeko.

Popeza tsopano palibe ankakhulupirira, anabwerera ku nkhani imene anthu ankaikonda koposa. M'nyimbo zake Everlyn anathawa pa basi. Anathawa ndi dalaivala wa lole ya thonje. Anawoloka Luangwa pa bwato ndi msodzi wa diso limodzi. Kawiri konse anamwalira, ndipo ulendo wachiwiriwo anthu anavina mpaka fumbi kukwera. Everlyn weniweni ankakhala kunyumba, akuwotcha madzi oti woyimbayo adzasambe.

Zinafika povuta pamene Tina, atamaliza maphunziro a unamwino, anabweretsa mawu akuti Jethro, sikauti wa kufupi ndi geti la paki ya nyama, akufuna kumukwatira. Kwawo kwa Jethro kunali kutali, ndipo anthu a kumeneko nyimbo ankazimvera pafoni popanda ana a sukulu owamasulira. Azakhali ake a mnyamatayo, amene anamulera, anabwera kudzaona banja. Analandiridwa bwino, anadya, kenako anafunsa Everlyn mokoma mtima, pamaso pa Tina:

"Pepani, mayi, inu ndinu wachingati? Nanga amake mwanayu, othawathawa aja, pano ali kuti?"

Everlyn anaseka pang'ono monga mwa ulemu. Azakhaliwo anapita akunena kuti akaganiza kaye, chifukwa mwana wa nkhuku amapalasa monga make. Alendo atachoka, Everlyn anakhala pampando moyang'anana ndi mwamuna wake, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Atate ake Tina, ndakhala ndikuthawa zaka zonsezi ndili pakhomo pano. Ndafa, ndauka, ndakuphikirani. Sindinadandaule. Manje zafika pa mwana. Mukadzandithawitsanso m'nyimbo, ndidzapitadi, kuti kamodzi kokha mukhale munthu wonena zoona."

Onesmus analumbira atagwira chipewa pachifuwa. Ndipo anayesetsa, tisamunamizire. Anapeka nyimbo ya njovu zodya chimanga, anthu anati zimenezo amaziona okha kumunda, safuna gitala. Anapeka ya ubwino wosamba m'manja, ndipo ngakhale zidakwa zija zinabalalika.

Mu Novembala, mvula ili pafupi ndipo alendo atachepa, antchito a m'maloji anachita phwando lawo lotsekera nyengo, masana dzuwa likuswa mtengo. Onesmus anayimba ya njovu. Anthu anangomuyang'ana. Kenako wophika wina anakuwa kumbuyo kuti, "Athawe!" Ena anavomera, "Athawe! Athawe!" mpaka kuwomba m'manja. Onesmus anayang'ana uku ndi uku, sanaone aliyense wa kunyumba. Zala zinayamba zokha. Ulendo uno Everlyn anakwera ndege ya alendo pabwalo la Mfuwe, akubayibitsa ndi kampango pazenera. Anthu anamunyamula Kauboyi m'mwamba, jombo imodzi n'kugwa.

Anaiwala za mafoni. Pamene ankafika kunyumba dzuwa likupendeka, nyimbo inali itafika kale. Anapeza Tina atakhala pakhonde, manja ali pachibwano.

"Amako ali kuti?"

"Apita kwa amayi aakulu ku Mambwe. Ndawaperekeza ndekha."

"Akwera chiyani?"

"Si ndege, adadi, ndi lole. Kanta ya makala."

Mwamuna satenga yekha mkazi wonyanyala, ngati kuti akukatenga njinga kokonzetsa. Pamafunika nkhoswe, ikakhale pansi ndi a kuchikazi. Choncho m'mawa Onesmus anathamangira ku Nkwali.

"Amalume, amake Tina apita."

A Langford, amene tsopano anali ndi imvi, anamwetulira osasiya kusenda mango. "Ulendo uno ndi chiyani? Sitima ya pamadzi?"

"Kanta ya makala."

"Eya! Yabwino imeneyo. Anthu aikonda, ndi yathu yathu."

"Amalume, ndikunena zoona. Tiyeni mukaone."

"Ndinapalasapo kamodzi chifukwa cha iwe, mawondo anga akukumbukabe. Ndinaliranso mlongo wanga ali moyo. Pita ukaike m'gitala, mphwanga."

Anapita kwa akuluampingo, iwo anamupempha kuti poyimba asatchule za mowa. Anauza anzake kuchochapira, iwo anafunsa kuti ituluka liti. Anansi anati amake Tina amapita ku Mambwe nthawi ndi nthawi, palibe chachilendo. Anachonderera Tina kuti akamuchitire umboni, koma mwanayo anapukusa mutu.

"Amama anati ndisakuthandizeni. Akuti pakamwa pamene panawathawitsa ndi pomwepo pakawatenge. Ndipo fulumirani, adadi. Azakhali a Jethro akamva kuti athawadi, za ine zathera pomwepo."

Onesmus anakhala masiku angapo akudya mango ndi tiyi. Loweruka litafika, anatenga gitala n'kupita pansi pa bwemba uja, poti njira ina yolankhulira ndi anthu sankaidziwa. Sanapeke chilichonse. Analibe mphamvu zopekera. Anangoyimba zimene anaziona m'nyumba:

Watenga sefa, watenga munsi,
mtondo wausiya uli kukamwa yasa.
Mchere sindidziwa pamene umakhala,
nkhuku zindifunsa, ndilibe yankho.

Misozi inali yeniyeni, ndipo anthu anavina kuposa kale lonse. Ena ankati Kauboyi wafika pachimake. Iye akamakuwa kuti, "Abale, ndi zoona!" iwo ankavomera, "Ndi zoona!" poyesa kuti ndi kolasi.

Koma pamzere wa ogulitsa tomato panali a Becky, akazi awo a Langford, mayi amene anasinja mpunga moyo wawo wonse. Iwo sanavine. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunditsa tomato wawo chitenje, n'kupita kukapeza amuna awo pamene ankatchova nsolo.

"Nyamukani, inu. Mwana uja wathawidwadi."

"Nawenso wayamba? Ndi za m'gitala."

"M'nyimbo imeneija mulibe sitima, mulibe msodzi, mulibe mwezi. Muli sefa. Munamuonapo mwamuna wopeka sefa? Inuyo mukudziwa kuti kwathu kuli sefa?"

A Langford anaganiza, n'kuvomera kuti sakudziwa.

"Basi. Ija si kantiri, ndi nyimbo ya pamtondo. Pitani mukavale jekete."

Anafika ku Mambwe tsiku lotsatira chakumasana, malume patsogolo, Onesmus pambuyo akutsimphina m'jombo zake. Anapeza Everlyn ndi Peggy akusinja mpunga pansi pa mtengo wa mango, minsi ikulandizana mumtondo umodzi. Peggy anawapatsa timipando tating'ono kwambiri timene anali nato. Onesmus anavula chipewa, ndipo ana amene anasonkhana pampanda anaona kwa nthawi yoyamba kuti Kauboyi ali ndi mutu ngati wa aliyense.

A Langford anakhosomola n'kuyamba mawu a ukhoswe, akuti banja ndi kupirirana, akuti madzi akatayika sawoleka koma chitsime chilipo. Everlyn anangokweza munsi, n'kuyamba kuyimba ndi mawu ake a kukwaya aja, Peggy akuvomera:

Kauboyi wanga aopa mbuzi.
Aopa!
Jombo zimluma, avulira kuseri.
Avulira!
Ndakwera sitima, ndakwera ndege, ndafa kawiri,
nanga madzi osamba amtungira ndani?

Nyimbo inapitirira. Munali za mkonono, za tsiku limene nalimata anagwera m'chipewa Kauboyi n'kukwera patebulo, za zaka zonse zimene mkazi mmodzi yemweyo anakhala pakhomo limodzi lomwelo. Amayi oyandikana nawo anabwera ndi malichero awo n'kumavomera nawo. A Langford anapezeka akugwedeza phazi.

"Iyi ndiye nyimbo," ananong'oneza. "Yonse ndi yoona, ndipo ikuvinika."

Mpunga utayera, Everlyn anatsamiritsa munsi n'kulankhula ndi nkhoswe, osayang'ana mwamuna wake.

"Amalume, kubwerera ndibwerera. Koma nyimbo mwaimvayi aiphunzire. Akaitanitse azakhali a Jethro, asonkhanitse anthu pamsika pomwe paja, aiyimbe yonse ndi gitala yawo, ine nditakhala kutsogolo."

Onesmus anaganiza za chipewa, za anyamata amene ankatengera kayendedwe kake osadziwa kuti ndi jombo zoluma, za dzina limene analimanga kuyambira pa banjo ya chigubu.

"Ndi za mbuzi zomwe, amake Tina?"

"Makamaka za mbuzi."

Anayang'ana chipewa chili pamaondo, anayang'ana mkazi wake, ndipo anafunsa Peggy ngati angamubwerezere ndime yachiwiri.

Azakhali a Jethro anabweradi, atakwinya nkhope, n'kukhazikidwa pampando pansi pa bwemba. Onesmus anayimba yonse, osadumpha ngakhale nalimata. Poyamba anthu anadabwa, kenako wina anavomera kuti "Aopa!" ndipo msika wonse unagwa nacho chiseko. Wogulitsa mbuzi anabweretsa imodzi kuti aone ngati n'zoona, Kauboyi n'kumalizira ndime yotsiriza ataima pabenchi. Umboni woposa pamenepo panalibe. Azakhaliwo anapukuta misozi ya kuseka, ananyamuka, n'kukagwada pamaso pa Everlyn.

"Mayi, mundikhululukire. Mkazi amene wapirira zimenezi, mwana wake tikumufuna."

Ukwati unachitika anthu atakolola. Kuyambira pamenepo mawu a nyimbo amapeka ndi Everlyn, pamtondo, Onesmus n'kuwaika m'gitala, ndipo anthu abwerera ku chikhulupiriro chawo chakale chakuti nyimbo sinama. Palibenso amamuona ngati wothawidwa kapena chigawenga. Ana a sukulu akamasesa pabwalo m'mawa, mmodzi amayamba kuti "Kauboyi wanga," ena onse n'kukweza matsache, "Aopa!" Iye akamadutsa pa njinga kupita ku Chinzombo amawakwezera chipewa, ndipo masiku ano amavala nsapato zomukwana.

Chinthu chimodzi chokha anapempha. Anati kantiri yopanda kutaya kanthu ili ngati ndiwo zopanda mchere, ndiye amulole kuti m'nyimbo muzifako chinachake. Everlyn anaganiza, n'kumupatsa hatchi, poti alibe. Hatchiyo yafa kale kambirimbiri. Yagwidwa ndi ng'ona, yalumidwa ndi kashembe, yagwa m'dzenje. Palibe lole ya abale imene yabwera kudzailira, ngakhale kuti sikauti wina watsopano, wongofika kumene kuchigwa, anagogoda pakhomo tsiku lina kufunsa mwaulemu kumene anaikwirira.